Alendo Odzaona Nyanja kwa Mayi Dorika

Sonkhezerani chikunicho, ndikuuzeni zimene ndinaona ndi maso angawa ku Luchenza. Ine ndine Muhiwa, telala. Zaka makumi atatu tsopano makina anga ali pakhonde la sitolo ina, m'mbali mwa msewu wafumbi wotsikira kunjanji. Munthu wodutsa pamenepo, ngakhale ndisamudziwe dzina, chovala chake ndimachidziwa. Ntchito inandizoloweza kuyang'ana msoko ndisanayang'ane nkhope.

Kutsidya kwa msewu, moyang'anizana ndi khonde langa, kuli shedi yaikulu ya njerwa imene kale ankasungiramo nandolo. Ndi ya banja la a Namakhwa. Makolo atamwalira, shediyo inatsala m'manja mwa ana awo awiri. Wamkulu ndi a Sitefano, mkulu wa mpingo, munthu wosavula jekete ngakhale dzuwa liswe mtengo. Wamng'ono ndi mlongo wawo, Mayi Dorika, amene anapita ku Joni akadali mtsikana. Kumeneko, mumzinda wa Durban, anagwira ntchito zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi pamalo ena oonetserapo nsomba za m'nyanja yamchere. Anayamba ndi kukolopa, anamaliza ali wosamalira mathanki.

Anzathu pochokera ku Joni amabwera ndi magalimoto, mafiriji, masofa. Mayi Dorika anabwera ndi magalasi. Tsiku limene lole inaima pashedipo ndinasiya diresi la mwini wake pakati, ndinapita kukaonerera. Galasi limodzi lokha linkanyamulidwa ndi amuna khumi ndi awiri, kuchindikala kwake ngati zala zitatu.

"Mayi, mukumanga sitolo yanji?" ndinafunsa.

"Si sitolo, a telala," anatero akuseka. "Ndikumanga nyanja."

Ndinaseka nawo poganiza kuti ndi nthabwala. Koma patatha miyezi inayi, m'shedi muja munaima thanki yotalika ngati minibasi ziwiri zondondozana, yakuya kundifika m'khosi. Padenga anayala masola opangira magetsi a dzuwa. Kumbuyo anaika mapampu, makina oziziritsa madzi ndi jenereta. Mchere wake sunali wa ndiwo ayi, unkabwera m'zidebe zoyera pa malole ochokera ku Joni, ndipo mayiwo ankauyeza ngati mankhwala a mwana. Atadzaza madzi anaikamo miyala yobowokabowoka, basi n'kukhala. Miyezi itatu yathunthu thanki ili ndi miyala yokha. Anthu ankasuzumira pazenera n'kumachoka akupukusa mitu. Kumsika ankati Joni yawazunguza mutu.

Kenako kunabwera mabokosi, lililonse ndi mapepala ake a boma, ndipo Loweruka lina m'mawa Mayi Dorika anaima pakhomo n'kundikodola.

Abale anga, ine ndagwira nsalu zamitundumitundu, koma mitundu imene ndinaiona mmenemo sindinaionepo pansalu iliyonse. Nyale zabuluu zinkawala kuchokera pamwamba. Pamiyala paja panali zinthu ngati nyanga za mbawala, zina ngati bowa, zina ngati kabichi wotambasuka, zina ngati ubongo wa mbuzi, zobiriwira, zofiirira, zapinki, zina zowala ngati makala. Pakati pake pankadutsa nsomba zachikasu ngati mango akupsa, zina zabuluu, ndi tiwiri tofiira tamizere yoyera timene tinkagona m'chinthu chofewa chooneka ngati chingwe cha mopu.

"Maluwawa mumawathirira bwanji m'madzi?" ndinafunsa mopusa.

"Si maluwa," anatero. "Si miyalanso. Ndi tizilombo ting'onoting'ono timene timamanga nyumba pamodzi, mudzi wathunthu. Dzina lake ndi korali. Timadya, timakula, timakwiya. Madzi akatentha pang'ono kapena akangoima osayenda, timayera mbuu n'kufa."

Ife dzina lija linatikanika, tinkangoti miyala yamoyo.

Kuyambira tsiku limenelo Loweruka lililonse chitseko chinkakhala chotsegula, ndipo aliyense ankalowa. Amayi ankabwera ndi madengu awo pochokera kumsika. Akabaza ankaimika njinga panja. Mkazi wanga Felesiya, amene sanapitepo kupyola Limbe, anakhala pansi kutsogolo kwa galasi kuyambira m'mawa mpaka masana, ndiwo n'kupserera kunyumba. Mayi Dorika ankayendayenda pakati pathu ndi kansalu kopukutira paphewa, nkhope ili mwee, akutchula nsomba iliyonse dzina ngati mdzukulu.

Chodabwitsa choyamba chinali phokoso. Linali Lamulungu masana, msewu uli zii, ine ndikumalizitsa yunifolomu ya kwaya. Ndinamva kuti phwaa, kenako chete, kenako phwaa. Linali phokoso lalitali, laulesi, ngati munthu akukhuthula mpunga pamphasa kutali. Ndinaimitsa makina. Linkachokera kushedi.

Mawa lake ndinawafunsa mayiwo.

"Ndi mapampu," anayankha msanga. Koma anaima pang'ono, kansalu kali m'manja, n'kunena chapansipansi, "Komatu mapampu amangolira ng'ung'ung'u. Phokoso limenelo ndimalidziwa. Ndinkagona nalo ku Durban."

Patapita masiku anandionetsa chinthu china. Anali atamata kapepala pagalasi, pamene pamalekezera madzi. M'mawa madzi anali atakwera zala ziwiri pamwamba pa kapepalako. Titabwerako masana anali atatsika zala ziwiri pansi pake. Pansi panali pouma, palibe podontha.

"Nyanja yeniyeni imatero," anatero. "Imadzaza, imaphwa. Koma thanki siyenera kutero." Anayeza mchere, anayeza kutentha, zonse zinali bwino. Miyala yamoyo ija ndiye inkangokula, kukongola kuposa kale.

Kenako timipando tanga tiwiri tinasowa. Timeneti n'timene makasitomala amakhalira podikira zovala, ndipo ndikaweruka ndimatisiya pakhonde, pansi pa tebulo. Ndinakalipa mtima uli phuliphuli, ndinatukwana akuba a pa Luchenza onse. Mayi Dorika atatsegula loko wa shedi m'mawa umenewo anandiitana. Timipando tija tinali mkati, toikidwa bwinobwino moyandikana, toyang'ana galasi.

"Kiyi ndi mmodzi yekha," anatero, akundionetsa chingwe cha m'khosi mwawo.

Ndinatitenga. Mawa lake tinapezekanso momwemo. Tsiku lachitatu ndinangotisiya, ndinakagula tina.

Galasi nalonso linayamba kuda. Mayiwo ankalipukuta madzulo aliwonse mpaka kung'anima, koma m'mawa ankalipeza lili ndi zidindo za manja. Zina zinali zazikulu, zina zing'onozing'ono, m'munsi, zofika m'bondo mwanga. Pakati pa manja awiri alionse panali kachidindo kozungulira, pamene munthu anagunditsa chipumi pofuna kuonetsetsa. Mayi Dorika anayang'ana nthawi yaitali, kenako anapukuta mwakachetechete.

"Sanaswe kanthu," anatero. "Angoonerera."

Ndiye kunabwera alendo. Woyamba anafika dzuwa lili paliwombo, nthawi imene ngakhale agalu amabisala. Sindinamuone akubwera, ndinangoona mthunzi pansalu imene ndinkasoka. Anali bambo wamfupi, wopanda nsapato, wovala kabudula wa kaki. Ndinayang'ana msoko monga mwa chizolowezi changa. Unali wosokedwa pamanja, ndi ulusi wokhuthala umene ndinauonapo kamodzi kokha, pa malaya akale a agogo anga.

"Wawa," anatero. "Nyanja ili kuti?"

Kalankhulidwe kake kanali kosakaniza ndi Chilomwe chakale, chija ankalankhula akuluakulu akafuna kuti ana tisamve. Ndinaloza kushedi. Anaomba m'manja kawiri mothokoza, anawoloka msewu, n'kukhotera kuchitseko. Ndinadikira kuti atuluke. Ndinasoka malaya awiri athunthu, osatuluka.

"Mlendo wanu uja wapita?" ndinawafunsa mayiwo madzulo.

"Mlendo uti? Lero sikunabwere munthu." Anacheukira kuthanki. "Koma masana nsomba zonse zinaunjikana pakona iyo, ngati mmene zimachitira zikaona munthu. Ndimadabwa kuti zaona chiyani."

Pambuyo pake ankabwera pafupipafupi, nthawi zonse masana. Kunabwera amayi awiri ovala biriwita, nsalu yakuda ija imene inasiya kugulitsidwa ine ndisanabadwe, mphini zili m'masaya. Kunabwera bambo wina wamtali, paphewa pali chipsera ngati cha munthu wozolowera kusenza katundu pamtengo. Onse funso linali limodzi, ndipo onse ankathokoza mwaulemu. Nkhope zawo musandifunse. Ndikayesa kuzikumbukira ndimangoona nsalu. Chimene ndimakumbukira n'chakuti ankayenda mofulumira, mosangalala, ngati anthu opita kuukwati. Wina ndinamumva akuseka asanafike n'komwe pachitseko.

Poyamba ndinkaopa, ndinkasoka ndikupemphera chamumtima. Koma mantha sakhalitsa kwa munthu amene amakuombera m'manja tsiku lililonse. Mapeto ake ndikangoona mthunzi pansalu ndinkaloza ndisanafunsidwe.

Vuto linali pakamwa panga. Ndinauza Felesiya, Felesiya anauza mnzake wa kumjigo, ndipo pofika Lachisanu Luchenza yense ankadziwa kuti Mayi Dorika akuweta zinthu m'madzi. Ena ankati anakhwimira ku Joni. Ena ankati nsomba zija ndi anthu. Loweruka lotsatira chitseko chinatsegulidwa monga mwa masiku onse, koma sikunalowe munthu. Mayiwo anakhala pakhomo tsiku lonse ndi kansalu kawo paphewa.

Madzulo ake kunabwera a Sitefano. Ine ndinali momwemo, ndinapita kukapepesa chifukwa cha lilime langa.

"Achemwali," anatero, ataima pakhomo osafuna kuponda mkati, "anthu akulankhula."

"Anthu amalankhula, achimwene. Ndi ntchito ya pakamwa."

"Musandiyankhe choncho. Ine ndimaima kutsogolo kwa mpingo. Dzulo mayi wina wakana kundipatsa moni wa pamanja. Shediyi ndi ya tonse awiri, ndipo dzina limene likudetsedwa ndi la bambo athu. Mwezi uno ukamatha madziwa akhale atatayidwa."

"Mukataya madziwa mwapha zonsezi. Lowani kaye muone, achimwene. Chibwerereni ine kuno simunalowepo."

"Sindikufuna kuona," anatero a Sitefano, n'kutembenuka.

Unali mwezi wa Okutobala, kutentha kosagoneka m'nyumba. Sabata yomweyo, Lachiwiri masana, kumwamba kunada bii cha ku Mulanje. Kunabwera chimphepo chimene chinazula mitengo, kugwetsa mapolo a magetsi kuyambira kunjanji mpaka kumsika, ndi kukanganula masola onse padenga la shedi n'kukawataya m'munda mwa eni ake. Mvula yake inangowaza pang'ono, dzuwa n'kubwereranso mwaukali. Mayi Dorika analiza jenereta. Inalira mpaka madzulo, kenako inatsokomola, inatulutsa utsi, n'kuzima. Makaniko ataiona anati chitsulo chimene chapsa n'chokafuna ku Blantyre, ndipo mwina sichipezeka.

M'shedi munangoti zii. Madzi anaima ngati galasi lomwe.

Mayiwo anayenda khomo ndi khomo kupempha anthu. "Sindikufuna zambiri," ankatero. "Madzi angoyenda basi. Tizivundula ndi manja mpaka magetsi abwere." Anthu ankayang'ana pansi. Amene tinapita tinali asanu: ine, Felesiya, ndi amayi atatu ophika thobwa kumsika, amene anabwera ndi mithiko yawo italiitali. Mtsogoleri wawo, Mayi Khoviwa, anati, "Kaya muli mizimu kaya mulibe, kansomba kachikasu kaja kamandidziwa. Sikangafe ine ndilipo."

Tinakwera pamabenchi kuzungulira thanki. Amayi ankavundula ndi mithiko, ine ndinkatunga madzi ndi chidebe n'kumawakhuthuliranso momwemo kuchokera m'mwamba kuti alowe mpweya. Tinanyowetsa masaka n'kuwapachika m'mazenera. Kondakitala wina wa minibasi wachifundo anatibweretsera madzi oundana kuchokera ku Limbe, tinawamanga m'mapulasitiki n'kuwayandamitsa. Tinkasinthana, awiri akugona pamasaka, ena akugwira. Mayi Dorika okha sanagone. Ankangoyang'ana kachipangizo koyezera kutentha, kenako miyala yawo.

Lachitatu linadutsa. Lachinayi m'mawa nyanga zija za pakona ina zinayamba kuyera kunsonga. Nsomba zinakwera pamwamba, kukamwa kuli yasa. Manja athu anatupa, matuza anaphulika, mchere n'kumalowa m'zilonda. Pofika masana Mayi Khoviwa anagwetsa mthiko, mkono utakana. Felesiya anali atakhala kale pansi akulira. Ine chidebe chinandipulumuka kawiri.

"Basi," anatero Mayi Dorika, mawu atasasa. "Mwayesetsa. Tulukani mukapume mphepo."

Tinatuluka tonse, iwonso, n'kukhala pansi pamthunzi wa khoma. Tili pomwepo tinaona a Sitefano akubwera, jekete lili pathupi, paphewa atakoleka paipi yaitali yothirira m'dimba.

"Achemwali," anatero mofatsa, "ndamva kuti zikufa. Musazizunze, musadzizunzenso. Tiyeni tingotaya madziwa, nkhani ithe."

Mayi Dorika anangoyang'ana manja awo.

Pamenepo m'pamene tinamva. Phwaa. Chete. Phwaa.

Tinayang'anana. Ndinawerenga ndi maso: Felesiya, amayi atatu, Mayi Dorika, ine. Tonse tinali panja.

"Mwasiyamo ndani?" anafunsa a Sitefano.

"Mulibe munthu, achimwene."

Phokoso lija linakula. Pansi pa chitseko panatuluka kamphepo kozizira, konunkhira mchere ndi zinthu zina zimene ine sindizidziwa dzina, koma Mayi Dorika anatukula mutu n'kukoka mpweya ngati munthu wamva fungo la kwawo. A Sitefano anakankha chitseko, n'kulowa. Ine ndinawatsatira mpaka pakhomo.

Madzi ankayenda. Thanki yonse ija, kuchokera uku mpaka uko, madzi ankapendekera mbali imodzi, kenako n'kubwerera, pang'onopang'ono, mwamphamvu. Zofewa zonse za pamiyala zinkaweramira uku ndi uku ngati udzu pamphepo. Nsomba zinali zitatsika pansi, zikusewera. Mithiko inali pamene tinaisiya, yotsamira khoma. Pamabenchi panalibe munthu, koma matabwa ake ankalira kwee, kwee, ngati alemedwa, ndipo pasimenti ponse panali mapazi onyowa, aakulu ndi aang'ono, opondana. Ndipo pansi pa phokoso la madzi pankamveka kanyimbo. Sikanali kokweza. Kanali ngati anthu ambiri akung'ung'udza pogwira ntchito, mmodzi akutsogolera, ena akuvomera.

A Sitefano anaima chilili, paipi ili paphewa.

"Dorika," anaitana, dzina lenileni, ngati ali ana. "Dorika, tabwera udzamve."

Mayiwo anadutsa pambali panga n'kukaima pafupi ndi mchimwene wawo.

"Nyimboyi ukuikumbuka?" anafunsa a Sitefano.

"Agogo aamuna," anatero Mayi Dorika. "Popala nsungwi."

"Ankati anaiphunzira kwa amayi awo, kwawo kuja, asanawoloke mtsinje wa Ruo. Ankati kwawoko madzi ake sumaona tsidya." A Sitefano anapukuta m'maso ndi chikhatho. Kenako anayamba kuseka, kuseka kwenikweni, misozi ikutsika. "Ndiye ife tinkati nkhalamba ikunama!"

Anatsitsa paipi ija n'kuiponya panja. Anavula jekete, chinthu chimene ine telala wawo ndinali ndisanachionepo, analipachika pamsomali, anapinda malaya, n'kutola mthiko. Atafika pabenchi anaima kaye, n'kunena mwaulemu kwa mpweya, "Zikomo, tipondeko." Anakwera chakumapeto, kusiya malo.

"Achimwene, nanga kumpingo mukanena chiyani?" anafunsa Mayi Dorika, akuseka ndi kulira nthawi imodzi.

"Sindikudziwa, achemwali. Ndikaganiza Loweruka. Koma kwathu sitithamangitsa munthu wodzathandiza ntchito."

Amayi a thobwa aja atasuzumira n'kuona mkulu wa mpingo ali pabenchi akuvundula, mphamvu zinawabwerera. Tinalowa tonse. Ndikuuzeni zoona, chidebe chimene chinkandikanika chija chinapepuka ngati chili ndi wina wogwirira kunsi. Mayi Khoviwa anaigwira nyimbo ija n'kuyamba kuvomera nawo, ngakhale mawu ake sankawadziwa. Anthu odutsa mumsewu anamva kuimba, anaima, anasuzumira, ndipo mmodzimmodzi anayamba kulowa. Pofika madzulo tinali oposa makumi awiri, kulandirana mithiko ndi zidebe, ndipo sindingakuuzeni nthawi imene alendo aja anasiya n'kutisiyira ife.

Magetsi anayaka Lachisanu m'mawa. Mapampu atalira, Mayi Dorika anagona pasimenti pomwepo, mpaka madzulo osatembenuka. Pakona paja miyala ina inafa ndithu, inayera mbuu osabwereranso, ndipo nsomba zitatu tinazikwirira kuseri kwa shedi. Zina zonse zinapulumuka. Lamulungu a Sitefano analalikira za kuchereza alendo, ndipo sanatchule shedi ngakhale kamodzi.

Patatha milungu itatu, mwezi utangoyamba kuchedwa kutuluka, tinali titangomaliza kudya chamadzulo pamene tinamva Mayi Dorika akufuula mumsewu ngati kwagwa ngozi.

"Bwerani! A telala, Felesiya, itanani anthu! Bwerani msanga, musayatse matochi!"

Tinathamanga. M'shedi munali mdima, nyale zonse zozimitsa, kupatula katochi kamodzi kofiira kamene mayiwo anagwira. Anthu anadzaza mpaka pakhomo.

"Yang'anani pamiyalapo," ananong'ona. "Ikubereka."

Poyamba sindinaone kanthu. Kenako pa nyanga imodzi panatuluka kadontho kapinki, kakang'ono ngati njere ya mawere, n'kuyamba kukwera. Kenako kena. Kenako mwala wonse unatulutsa, ndi woyandikana nawo, ndi wina, mpaka thanki yonse inadzaza timikanda tosawerengeka tokwera m'mwamba mwakachetechete, ngati mvula yogwa chobwerera.

"Zaka zonse zija ku Durban ndinaziona kawiri kokha," anatero Mayi Dorika. "Zimachita zikakhutira. Zikamva kuti pano m'pakwawo."

Mayi Khoviwa anayambitsa nthungululu. Amayi ena analandira, ndipo nthungululu zimene zinamveka m'shedimo zinali zambiri kuposa amayi amene ndinawaona akulowa. Palibe anathawa. A Sitefano anali kutsogolo, chipumi chili pagalasi.

Ine, poti ndine wamtali, ndinapita kumbuyo kwenikweni kuti ndisatchinge anthu, msana n'kutsamira khoma. Ndikuonerera choncho, ndinamva kadzanja kozizira kakundikoka malaya kumbuyo, kumene kunali njerwa zokhazokha. Kenako mawu a mayi, apansipansi, aulemu, pafupi ndi khutu langa:

"A telala, tatsikani pang'ono. Ana sakuona."

Sindinacheuke. Ndinagwada pasimenti.

"Eyaa," anatero mawu aja. "Zikomo."

Ndipo pamwamba pa mutu wanga ndinamva timawu tambiri tikuti "Hii!" nthawi imodzi.

Felesiya anandiyang'ana mumdimamo. "Bambo, mwagwadiranji? Mukupemphera?"

"Ayi," ndinatero. "Nawenso tatsika."

Anandiyang'ananso, anayang'ana khoma, n'kukonza chitenje chake, n'kugwada pambali panga. Tinaonerera chogwada mpaka kamkanda komaliza katafika pamwamba pa madzi.